Kodi Kuvota Nthawi ya Mliri Kumafalitsa Matenda?

Pa 11 Malichi 2020, bungwe la World Health Organization linalengeza kuti Covid-19 ndi mliri wa dziko lonse. Chilengezochi chinapeza mayiko ambiri atalemba kale masiku a chisankho, ndipo ena mwa masikuwo ndi oti malamulo aakulu a dziko salola kuwasuntha wamba. Bungwe la International IDEA, lomwe limatsata nkhani za zisankho, linawerenga kuti m'zaka ziwiri zoyambirira za mliriwu mayiko ndi zigawo zosachepera 80 zinasuntha chisankho china chake, pomwe zosachepera 160 zinavota mliri uli mkati. Ambiri anachita zonse ziwiri: anayamba asuntha kaye, kenako n'kudzavota.

Zotsatira zake ndi zimene zimasokoneza anthu mpaka lero. Ku South Korea anthu anavota mwaunyinji, koma akuluakulu a zaumoyo sanapeze ndi mmodzi yemwe amene anatenga matendawa pamalo ovotera. Ku Malaysia, chisankho cha chigawo chimodzi chokha chinatsatidwa ndi kukwera kwa matenda m'dziko lonse. Womva nkhani ziwirizi amafunsa kuti yoona ndi iti. Zonse ndi zoona, ndipo kuti zimveke pafunika kuyamba ndi mmene matendawo amayendera, kenako kuchigawa chisankho m'mbali zake, chifukwa mbalizo siziopsa mofanana.

Mmene matenda a m'mpweya amayendera

Kachilombo ka Covid-19, monganso ka chimfine, kamatuluka m'thupi la wodwala akamapuma, kulankhula, kuimba kapena kutsokomola. Timadontho tikuluko timagwa pansi pafupi pomwepo, koma tating'ono kwambiri timayandama mumpweya kwa mphindi zambiri, mwinanso maola. Taganizirani utsi wa munthu amene akusuta. Akasutira panja mphepo ikuomba, inu n'kungomudutsa, simumvako kanthu. Akasutira m'chipinda chotseka mawindo, inu n'kukhalamo ola lathunthu, mumatuluka zovala zikununkha ngakhale munakhala kutali naye. Zimene zimakulitsa chiopsezo ndi zomwezo: kutalika kwa nthawi, kuyandikana, mpweya wosayenda, ndi kuchuluka kwa anthu amene ali ndi kachilomboka pagulupo. Kufuula ndi kuimba kumatulutsa timadontho tambiri kuposa kupuma chete.

Kumayambiriro kwa mliri zimenezi zinali zisanamveke bwino. Mantha ambiri anali pa manja ndi pa zinthu zogwirana, n'chifukwa chake oyendetsa zisankho anatanganidwa ndi kupukuta matebulo, kugawa magolovesi ndi kuuza ovota kuti abwere ndi zolembera zawo. Pofika mu 2021 akatswiri ambiri anali atagwirizana kuti njira yaikulu ndi mpweya, ndipo kutenga matendawa pogwira zinthu kumachitika mwa apo ndi apo. Choncho malo ena ovotera amene ankaoneka osamalika kwambiri, onunkha sanitaiza paliponse koma mawindo ali otseka, anali atasamala mbali yaing'ono n'kusiya yaikulu.

Pali chinanso chimene chimathandiza kumvetsa nkhani yonseyi. Covid-19 sinkafala mofanana kuchokera kwa wodwala aliyense. Odwala ambiri ankapatsira munthu mmodzi kapena osapatsira aliyense, koma ochepa, mwina mmodzi kapena awiri pa khumi alionse, ndiwo ankayambitsa mbali yaikulu ya matenda atsopano. Ndiye misonkhano iwiri yofanana m'zonse imatha kusiyana kotheratu: wina n'kutha popanda wodwala, winawo n'kudwalitsa anthu makumi ambiri, chabe chifukwa choti pamsonkhano wachiwiriwo panafika munthu mmodzi pa tsiku limene kachilombo kanali kambiri m'thupi mwake. Munthuyo mwina sanali kumva n'komwe kuti akudwala.

Chisankho si tsiku limodzi

Anthu akamati "chisankho" amaganiza za mzere wa pa tsiku lovota. Koma chisankho chimayamba miyezi ingapo tsikulo lisanafike: kalembera wa ovota, maphunziro a ogwira ntchito, misonkhano ya zipani yosankha oimira, kampeni, maulendo a anthu opita kukavotera kumene analembetsa, kuwerenga mavoti, kenako zikondwerero za opambana kapena zionetsero za osakhutira. Tikaziyeza ndi zija zinayi, kuponya voti kwenikweniko kumapezeka kuti ndi mbali yofatsa. Wovota amalowa, n'kuonetsa chitupa, n'kuchonga, n'kutuluka, mphindi zochepa chabe, salankhulanso zambiri. Msonkhano wa kampeni ndiye ndi wosiyana: anthu amathithikana maola angapo, akuimba ndi kufuula, ndipo ambiri amabwera atadzazana m'galimoto imodzi. Bwalo lenilenilo likakhala la panja chiopsezo chimatsikako, koma galimoto, malo odyera ndi zipinda zimene atsogoleri amakumaniramo usiku si za panja.

Za ku Malaysia zija zikusonyeza bwino zimenezi. Chigawo cha Sabah, chomwe chili pachilumba cha Borneo, chinavota pa 26 Seputembala 2020, matenda atayamba kale kukwera kumeneko. Andale ndi owathandiza anachoka kumbali ina ya dzikolo n'kupita kukachita kampeni, ndipo pobwerera ena mwa iwo, kuphatikizapo nduna ina, anapezeka ndi kachilomboka. Patangopita milungu yochepa matenda anali atawanda m'dziko lonse. Nduna yaikulu ya nthawiyo, Muhyiddin Yassin, inavomereza poyera kuti chisankho cha ku Sabah chinali chimodzi mwa zimene zinayambitsa kukweraku. Apa chimene chinanyamula matenda ndi maulendo, kuwachotsa kumene anali ambiri n'kuwapititsa kumene anali ochepa.

Ku India mu 2021 zigawo zingapo zinavota pamene mtundu wa kachilomboka wotchedwa Delta unkayamba kufala. Ku West Bengal kuvota kunachitika m'magawo asanu ndi atatu, kuyambira pa 27 Malichi mpaka pa 29 Epulo, kutanthauza kuti kampeni ya makamu aakulu inapitirira mwezi wathunthu. Khothi lalikulu la Madras linadzudzula bungwe loyendetsa zisankho mwaukali chifukwa cholekerera misonkhanoyo, ndipo bungwelo linaletsa maulendo a chikondwerero pa tsiku lolengeza zotsatira. Kumayambiriro kwa Meyi dzikolo linkapeza odwala atsopano opitirira 400,000 pa tsiku. Komabe nthawi yomweyo kunali mwambo waukulu wachipembedzo wa Kumbh Mela ku Haridwar, ndipo Delta inali ikukwera ngakhale m'zigawo zimene sizinkavota. Kunena kuti kampeni inathandizira n'kosavuta. Kunena kuti inathandizira motani, pamenepo ndi pamene pamavuta.

Gulu lina limaiwalika kawirikawiri: ogwira ntchito pamalo ovotera ndi oyang'anira a zipani. Wovota amakhala mphindi zochepa, koma iwo amakhala m'chipinda chomwecho kuyambira mbandakucha mpaka usiku, akukumana ndi aliyense wolowa, kenako n'kuweramirana pa tebulo limodzi powerenga mavoti. M'mayiko ena ntchitoyi imagwiridwa kwambiri ndi anthu achikulire, omwenso ndi amene Covid-19 inkawapweteka kwambiri.

Tsiku lovota: South Korea ndi Wisconsin

Zisankho ziwiri zimene zinachitika motalikirana ndi sabata imodzi yokha zimasonyeza kuti kakonzedwe ka tsikuli n'kofunika motani.

South Korea inasankha aphungu pa 15 Epulo 2020. Wovota aliyense ankayenera kuvala masiki, kuyezedwa kutentha kwa thupi pakhomo, kupaka sanitaiza, kuvala magolovesi apulasitiki ndi kutalikirana ndi mnzake mita imodzi pamzere. Amene thupi linatentha kupitirira madigiri 37.5 ankavotera pamalo apadera. Amene anali m'bindikiro koma osadwala anapatsidwa nthawi yawoyawo madzulo, ena onse atamaliza. Chachikulu, anthu opitirira mmodzi pa anayi alionse anali atavota kale m'masiku awiri ovotera msanga, motero mizere inachepa. Ovota anakwana 66 pa 100 alionse, chiwerengero chimene dzikolo linali lisanachione pa chisankho cha aphungu kuyambira mu 1992.

Koma amene amatchula South Korea ngati umboni woti kuvota n'kopanda vuto amadumpha mfundo imodzi. Pofika tsikulo, dziko la anthu opitirira 50 miliyoni limeneli linkapeza odwala atsopano makumi ochepa chabe pa tsiku, chifukwa linali litalimbikira kuyeza anthu ndi kulondola onse amene anakumana ndi odwala. Pamzere wa anthu chikwi, mwayi woti pali wodwala unali wochepa zedi. Ndondomeko zinathandiza, koma zinathandizira pamalo pamene kachilombo kanali kochepa kale.

Ku Wisconsin, ku United States, kunali kuvota pa 7 Epulo. Bwanamkubwa Tony Evers anayesa kusuntha tsikuli kutangotsala tsiku limodzi, koma khothi lalikulu la chigawocho linakana. Ogwira ntchito ambiri anaopa kubwera, ndipo mzinda wa Milwaukee, womwe nthawi zonse umakhala ndi malo ovotera pafupifupi 180, unatsegula asanu okha. Anthu anaima pamizere maola angapo. Ichi ndi chinthu chozunguza: kutseka malo ovotera kumaoneka ngati kuchepetsa kusonkhana, koma kumangounjika anthu omwewo pamalo ochepa. Pambuyo pake anthu makumi angapo amene anavota kapena kugwira ntchito tsikulo anapezeka ndi kachilomboka, koma akuluakulu a zaumoyo sanathe kutsimikiza kuti anakatengera kumeneko, popeza ambiri anali atakumananso ndi odwala kwina. Ofufuza nawonso anasiyana. Ena sanaone kukwera kooneka ku Milwaukee, ena anapeza kuti maboma amene anthu anachulukana pamalo amodzi ovotera anali ndi odwala ochulukirapo patapita milungu iwiri kapena itatu.

Chifukwa chake umboni umavuta

Munthu akatenga kachilombo ka Covid-19 koyambirira kaja, zizindikiro zinkayamba patapita masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, nthawi zina mpaka 14. Onjezani masiku oti akayezetse ndi oti zotsatira zilowe m'kaundula. Ogonekedwa m'chipatala amaoneka mochedwerapo, omwalira mochedwa kwambiri. Ndiye chisankho chikafalitsa matenda, ziwerengero zimadzasonyeza patapita milungu iwiri kapena kuposerapo, ndipo m'milungu imeneyo zambiri zimakhala zachitika.

Vutoli ndi lakale. Pa 5 Novembala 1918, United States inavota mliri wa chimfine uli mkati. M'madera ambiri misonkhano inali yoletsedwa, opikisana ankakopa anthu kudzera m'nyuzi ndi makalata, ndipo ku San Francisco anthu anavota atavala masiki. Ovota anatsika kufika pafupifupi 40 pa 100 alionse. Koma pa 11 Novembala nkhondo yoyamba ya dziko lonse inatha, anthu n'kukhamukira m'misewu akukumbatirana. Matenda amene anakwera pambuyo pake, ndani angawagawe kuti awa ndi a chisankho, awa ndi a chikondwerero?

France inakumana ndi zofananazo. Gawo loyamba la chisankho cha makhansala linachitika pa 15 Malichi 2020, boma litangolamula dzulo lake kuti malo odyera ndi omwera atsekedwe. Pa 17 Malichi dziko lonse linalowa m'bindikiro, ndipo gawo lachiwiri linasunthidwa kuchoka pa 22 Malichi kupita pa 28 Juni. Ofufuza ena anayerekeza madera amene anthu anavota ambiri ndi amene anavota ochepa, n'kupeza kuti panalibe kusiyana. Ena anapeza kuti kusiyana kunalipo, makamaka kumene matenda anali atafala kale. Chimodzi chimene chimasokoneza kuyerekeza kotereku n'chakuti mantha amayenda mbali zonse: kumene matenda anali ambiri, anthu ambiri anangokhala kunyumba osakavota. Pamapepala zimaoneka ngati kuvota kochepa ndiye kumayenda ndi matenda ambiri, pomwe ndi matendawo amene anathawitsa ovota.

Ku Malawi, kumene kunali chisankho chachibwereza cha pulezidenti pa 23 Juni 2020 potsatira chigamulo cha khothi, odwala anakwera mu Julayi pambuyo pa kampeni ya makamu aakulu. Koma m'miyezi yomweyo anthu ambiri ankabwerera kuchokera ku South Africa, kumene matenda anali ochuluka, ndipo kuyeza nako kunali kukuwonjezeka. Kuyeza kukawonjezeka, odwala opezeka amawonjezekanso ngakhale matenda asanasinthe. Kumene kuyeza kuli kochepa ndiye zimatembenuka: kusaona kukwera sikutanthauza kuti kukwerako kulibe.

Chimene ofufuza amafuna ndi madera awiri ofanana m'zonse, lina lovota, lina losavota. Czech Republic inapereka mwayi woterewu mwangozi. Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za dzikolo, ili ndi mipando 81, ndipo zaka ziwiri zilizonse amavotera gawo limodzi mwa magawo atatu a mipandoyo, potsata kasinthasintha amene anakhazikitsidwa kale, mliri usanaganiziridwe n'komwe. Kuvota kwa ulendo wachiwiri pa chisankho cha chaka chimenecho kunachitika pa 9 ndi 10 Okutobala 2020, matenda akukwera mofulumira. Kafukufuku anapeza kuti m'sabata yachiwiri ndi yachitatu pambuyo pake, matenda anakwera msanga m'madera amene anavota kuposa amene sanavote, ndipo ogonekedwa m'chipatala anakweranso, kusonyeza kuti sikunali kuchuluka kwa kuyeza kokha. Kukweraku sikunaoneke pakati pa anthu opitirira zaka 65, mwina chifukwa ambiri a iwo anasankha kusapita. Mwa umboni wonse umene ulipo, uwu ndi umodzi mwa wolimba kwambiri, ndipo ukugwirizana ndi zimene taona kale: chisankho sichipanga matenda, chimakulitsa amene alipo.

Njira zina zovotera

Mayiko anayesa njira zingapo zochepetsa khamu. Kuvota masiku angapo kumagawa anthu, koma kumafuna malo otetezeka osungira mabokosi usiku ndi chikhulupiriro cha zipani zonse kuti palibe amene awagwire. Kuvota pa positi kumachotseratu mzere. Chigawo cha Bavaria ku Germany chinachititsa gawo lachiwiri la chisankho cha maboma ang'ono pa 29 Malichi 2020 pa positi pokha, ndipo ku United States mu Novembala 2020 ovota opitirira 40 pa 100 alionse anagwiritsa ntchito njirayi. Koma imafuna maadiresi odalirika, positi yogwira ntchito ndi kaundula wolongosoka, komanso siteteza chinsinsi cha voti mmene kachipinda kovotera kamachitira. Poland inayesa kusinthira ku njirayi mothamanga pa chisankho cha pulezidenti cha pa 10 Meyi 2020, mkangano unabuka, ndipo tsikulo linadutsa popanda kuvota. Anadzavota pa 28 Juni. Za pa intaneti, Estonia yakhala ikuchita kuyambira mu 2005, koma si chinthu choti dziko n'kuchimanga m'miyezi iwiri.

Kusuntha chisankho

Kusuntha tsiku kumaoneka ngati yankho lapafupi, ndipo kwina kunayendadi bwino. New Zealand inasuntha chisankho chake ndi milungu inayi, kuchoka pa 19 Seputembala kupita pa 17 Okutobala 2020, zipani zitakambirana. England inasuntha zisankho za maboma ang'ono ndi chaka chathunthu. Liberia inali itachita zofananazo nthawi ya Ebola mu 2014, pamene inasuntha chisankho cha maseneta kuchoka mu Okutobala kupita mu Disembala.

Kwina kusunthako kunabala mavuto ena. Ku Democratic Republic of the Congo mu Disembala 2018, madera a Beni ndi Butembo sanaloledwe kuvota pamodzi ndi ena chifukwa cha Ebola, ndipo popeza kumeneko otsutsa boma anali ndi owatsatira ambiri, anthu anakwiya, ena mpaka anaononga malo osamalira odwala. Ebola imafala pokhudzana ndi madzi a m'thupi la munthu amene wayamba kale kudwala, osati mumpweya, choncho ambiri anakayika ngati chifukwa chenicheni chinali matendawo. Ku Bolivia kusuntha chisankho kawiri mu 2020 kunadzetsa zionetsero zotseka misewu, zomwenso ndi kusonkhana kwa anthu. Ku Ethiopia chisankho cha mu Ogasiti 2020 chinasunthidwa, chigawo cha Tigray chinachititsa chakechake mu Seputembala mosamvera boma, ndipo mu Novembala nkhondo inayamba, ngakhale kuti mizu ya mkanganowo inali yakale kuposa mliri. Ku Uganda chisankho cha mu Januwale 2021 sichinasunthidwe, koma misonkhano inachepetsedwa, ndipo otsutsa anadandaula kuti malamulo a zaumoyo ankaluma iwo okha. Robert Kyagulanyi, wotsutsa amene ankapikisana pa mpando wa pulezidenti, atamangidwa mu Novembala 2020 pa mlandu wophwanya malamulowo, anthu opitirira 50 anafa pa zipolowe zimene zinatsatira.

Ofuna kusuntha chisankho ndi okana, onse ali ndi mfundo. Ofuna kusuntha amati moyo ukatayika subwerera, ndiponso chisankho chimene okalamba ndi odwala aopa kupitako sichikuimira anthu onse. Ku France kuja ovota anatsika kuchoka pa 63 kufika pa 45 pa 100 alionse poyerekeza ndi 2014. Okana kusuntha amati amene akusankha tsiku latsopano nthawi zambiri ndi yemweyo amene akupindula ndi kukhalabe pampando, ndipo palibe amene amadziwa tsiku limene mliri udzathe. Ena amene anasuntha mu 2020 anadzavota matenda atachuluka kuposa pa tsiku loyambalo.

Mafunso amene adakalipo

Loyamba ndi la muyeso. Ngati kuopsa kwa chisankho kumadalira kuchuluka kwa matenda amene alipo kale, kodi matendawo afike pati kuti tsiku lisunthidwe? Palibe chiwerengero chimene mayiko anagwirizana, ndipo kumene kuyeza kuli kochepa chiwerengero choterocho sichingakhale chodalirika.

Lachiwiri ndi la mphamvu. Agamule ndani: boma, bungwe loyendetsa zisankho, nyumba ya malamulo, khothi kapena madokotala? Malamulo a mayiko ambiri amanena za nkhondo ndi ngozi zadzidzidzi koma sanena momveka za mliri, n'chifukwa chake nkhani zambiri mu 2020 zinathera m'makhothi kutatsala masiku ochepa.

Kenako pali kampeni. Umboni ukuloza kumisonkhano ndi maulendo kuposa kubokosi la mavoti, koma kuletsa misonkhano kumapweteka kwambiri amene alibe mwayi wa pa wailesi, pa kanema kapena pa intaneti, ndipo kawirikawiri amenewo ndi otsutsa ndi oyamba kumene ndale. Njira yochepetsera makamu popanda kukondera mbali imodzi idakali yovuta kuipeza. Kafukufuku wambiri satha kulekanitsa matenda a pamsonkhano ndi a pamzere, chifukwa madera amene amavota ndi omwewonso amene kumachitika kampeni.

Palinso funso la ufulu wa odwala. Czech Republic inakonza zoti anthu a m'bindikiro azivota ali m'galimoto, South Korea inawapatsa nthawi yawoyawo, koma mayiko ena anangowasiya. Kodi munthu amene boma lamuuza kuti asatuluke m'nyumba angalandidwenso voti yake?

Ndipo zonse zimene zinaphunziridwa pa Covid-19 ndi za kachilombo kamodzi, zambiri za nthawi imene kunalibe katemera. Mliri wotsatira ungadzakhale wofala pokhudzana ngati Ebola, wodzera m'madzi ngati kolera, kapena wa mumpweya koma wopha achinyamata ngati chimfine cha 1918. Ndi ziti mwa ndondomeko za mu 2020 zimene zingadzagwirebe ntchito pamenepo, ndi ziti zimene zinali za kachilombo kameneka kokha, ofufuza adakali kukambirana.